Ba Hatibu ndi Kung'ung'udza kwa Malemu Abraham

Mu Kalingalinga muno muli anthu awiri okha amene sindilola kuti munthu awanene ine ndili pomwepo: amayi anga, ndi ba Hatibu okonza mawailesi. Amayi anga anandibereka, nkhani yatha. Ba Hatibu anandichotsa pakhomo la minibasi, pomwe ndinkathera mawu kuitanira anthu opita m'tauni, n'kundiphunzitsa kusiyanitsa chaja yabwino ndi chaja yowotcha foni. Lero ndili ndi katebulo kanga ka machaja ndi makava a foni pafupi ndi siteji. Dzina ndine Chola. Mukafunsa akuuzani kuti ndi uja wapakamwa. Asiyeni anene. Koma nkhani ya momwe ba Hatibu anatsala pang'ono kuthamangitsidwa pashopu yawo ikukambidwa mokhota m'mabala, ndiye ndati ndiilembe ine amene ndinalipo, amenenso ndinathandiza kuti zinthu ziipe.

Ba Hatibu anabadwira konkuno, ngakhale Chichewa cha kwawo chimatulukabe akakhumudwa, chinthu chomwe chimachitika kamodzi pa zaka zisanu. Bambo awo anachokera ku Mangochi atasenza mashini osokera, ndipo ankafuna kuti mwana adzalowe pampando womwewo. Zinakanika. Mwana ankasewera panja, n'kungokuwa kuti, “Baba, singano yabuntha!” Akayang'ana singano, yabunthadi. Tsiku lina anati lamba wa mashini aduka mawa, lamba n'kuduka madzulo omwewo. Mkulu uja anagwira mwana wake makutu onse awiri, n'kunena kuti telala amafunika maso, makutu amenewa ndi a ntchito ina. Anakamusiya kwa mkulu wina wokonza mawailesi ku Matero, ndipo anakulira kumeneko, mu utsi wa mtovu wowotcherera.

Pano ndi munthu wa zaka zoyandikira makumi asanu ndi limodzi, wowonda, kachisoti koyera pamutu, wolankhula motsitsa mawu moti kasitomala amachita kuwerama, ena mpaka kuvula chipewa osadziwa. Amagona ku Mtendere ndi akazi awo ba Riziki, amabwera wapansi m'mawa uliwonse. Shopu yawo ndi kachipinda ka lendi panyumba ya ba Petronella, khomo loyang'ana kumsewu, khoma limodzi ndi pabalaza pa eni nyumba. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pakhomo limenelo. Alibe chikwangwani, alibe nambala yolembedwa paliponse. Anthu amangodziwa khomo. Kuwachotsa pamenepo n'chimodzimodzi kuwauza kuti ayambirenso ntchito ali ndi imvi.

Matenda awo ndi amodzi: nyenje. Phokoso lililonse lolowa m'sipika losaitanidwa, iwo amalitcha nyenje. Ndipo Kalingalinga ndi chisa chake. Magetsi akangobwera, owotcherera mageti onse amayatsa mashini nthawi imodzi, masipika n'kuyamba kuthetheka ngati chimanga m'chiwaya. Foni ikafuna kulira, sipika ndiyo imayamba kudziwa: di-di-dit, di-di-dit. Mababu otchipa, mainiveta a sola, machaja achabechabe omwe amagulitsa anzanga tsidya la msewu, zonsezi zimalavulira m'mawaya. Ife tinazolowera, timangokweza voliyumu. Ba Hatibu sazolowera. Nkhope yawo imakwinyika ngati aluma mwala mumpunga.

Mankhwala ake ndi awa. Tengani chingwe cha chaja ya laputopu, muyang'ane chakumapeto. Pali potupa, ngati njoka yameza dzira. Mukang'amba pulasitiki mupeza kamphete kakuda, kolemera, kosweka ngati phale mukakagwetsa. Dzina lake ndi feraiti. Anthu osenda mawaya kuti apeze kopa amakataya kudzala, ba Hatibu n'kumatola pambuyo pawo. Ali ndi chitini cha mkaka chodzaza, zina anazitunga pachingwe kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Zilipo zina zotseguka pakati ngati khoko la mtedza, zongotsekera pawaya n'kumva kuti kapa!

“Waya wautali ni khutu,” amatero kwa makasitomala. “Umamva vonse voyenda mumphepo, n'kupeleka ku ampu. Ampu nayo ni chitsilu champhamvu, ikuza vilivonse. Manje aka ni kamlonda. Nyimbo kaidziwa, ipita. Oyendayenda atsala panja.”

Amakulunga waya katatu kudutsa m'mphete, pafupi penipeni ndi ampu, chifukwa, amati, mlonda amakhala pageti, sakhala kumsika. Ndipo sanama. Kukakhala kulira kwakuya kuja kwa magetsi, huuum, amakuuzani kuti apa mphete sithandiza, vuto ndi lina. Anthu ena amati ndi zithumwa. Wina ananena zimenezo pasiteji ine ndikumva, ndinamuthamangitsa mpaka kungalande, nsapato yake imodzi ikadali kwa ine, akaifuna abwere apepese. Zithumwa zanji munthu wosaphonya swala? Cholakwa chomwe ndikudziwa n'chakuti Lachisanu lina anapita kumzikiti atatenga chingwe cha mphete m'malo mwa tasibihi, mikanda yopempherera ija, n'kuzindikira atamva thumba la mkanjo likukokera pansi.

Koma chilema ali nacho, ndipo ndichinena chifukwa ndimawakonda: amakonza osafunsa. Tsiku lina akumetedwa, anadzuka mutu uli theka, anapita kuseri kwa sipika ya wometa, kapa! n'kubwerera pampando. Wometa anathokoza. Paukwati wina anakwawira pansi patebulo la zoimbira atavala mkanjo watsopano. Eni ukwati anathokoza. Aliyense ankathokoza, ndipo munthu wothokozedwa zaka zambiri amaiwala kugogoda.

Tsopano mvetserani za malemu ba Abraham, amuna a ba Petronella. Anali kalipentala, ndipo Mulungu ausunge mzimu wawo, anali munthu wodandaula kuposa aliyense amene ndinamuonapo. Ngalande, misomali yopindika ya masiku ano, timu ya mpira, mvula ikagwa, mvula ikapanda kugwa. Sankakuwa ngati ine. Ankang'ung'udza chapansipansi pampando wawo wapakona, kuyambira faifi akaweruka mpaka tulo. Anali ndi chilimba chachikulu, ampu ndi masipika awiri ofika m'chiuno, koma ankafunanso kumva nyimbo akusewera dirafuti pansi pa mtengo wa mango. Ndiye analumikiza okha waya: zidutswa zamitundumitundu, zopotana ndi dzanja, zomangidwa ndi mapulasitiki a buledi. Waya unatuluka pawindo, unakwera pamalata, unayendayenda pabwalo, n'kukathera ku sipika yachitatu yomangidwa mumtengo.

Ba Hatibu anawapempha zaka khumi kuti awukonze ulere. Yankho linali limodzi: “Waya wanga, nyumba yanga, makutu anga.”

Ba Abraham anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Patapita miyezi ingapo, kawailesi kena ka m'dera kanaimika mlongoti kuseri kwa msika. Waya wa malemu uja, pokhala khutu lalitali kuposa onse mu Kalingalinga, unayamba kutola mawu a kawailesiko. Mukayatsa ampu osaika nyimbo, m'masipika munkamveka munthu akulankhula chapansipansi, mawu osamveka bwino. Ba Petronella amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, kumsika, amafika panyumba faifi. Ndipo faifi ndi nthawi ya pulogalamu yoimba mafoni, ya azibambo odandaula za misewu. Tsiku lililonse nthawi imeneyo ba Hatibu ankamva kudzera pakhoma: ampu yayatsidwa, nyenje yayamba, nyimbo osaikidwa. Zaka ziwiri akukukuta mano. Iwo ankaganiza kuti mayi wamasiye akuvutika ndi chilimba chowonongeka, koma akuchita manyazi kupempha.

Mwezi wa Juni ba Petronella anapita ku Katete kukaona mkulu wawo wodwala. Anasiyira ba Hatibu makiyi kuti azizimitsa fuliji magetsi akayamba misala. Tsiku lachiwiri ba Hatibu anandiitana.

“Chola, bwela unigwilile makwelelo.”

Tinagwira ntchito m'mawa wonse. Ine ndinali pamalata kuzula waya wa malemu, ndikuutukwana chidutswa chilichonse. Iwo anatsitsa sipika ya mumtengo, anaika mawaya atsopano aafupi, n'kukulunga mphete zitatu kuseri kwa ampu. Kenako anayatsa, osaika nyimbo. Zii. Anatseka maso ngati munthu womwa madzi oyamba pomasula kusala.

“Wamva?”

“Sinimva kanthu, mudala.”

“Ndiye chimenecho.”

Waya wakale anati ndikataye. Ine kutaya waya? Ndinauduladula. Wina ndinapachikira makava patebulo langa, wina ndinapatsa ba Edmond owotcherera mageti kuti azimangira katundu, wautali ndinapatsa amake Shawn oyandikana nawo kuti aziyanikapo zovala.

Ba Petronella anabwerera pa twente-wanu. Ine ndinatseka tebulo msanga kuti ndikaone akuthokoza. Ba Hatibu anali atavala mkanjo wosita. Faifi itakwana tinamva ampu ikuyatsidwa kuseri kwa khoma. Zii. Inazimitsidwa, inayatsidwanso. Inazimitsidwanso, inayatsidwanso. Kenako chitseko. Ba Petronella anatulukira atanyamula kathumba ka mtedza kamene anabweretsera ba Hatibu kuchokera kumudzi. Anakaika patebulo la shopu.

“Ba Hatibu, ndani wagwila chilimba cha ba Abraham?”

“Ndine, amake Tionge,” anayankha akumwetulira. Tionge ndi mwana wawo wamkazi, anakwatiwa ku Chawama. “Nachotsa nyenje yonse. Manje mukaika kwaya muzamva na mpweya wa oimba.”

“Ninakutumani?”

“Awe, koma nin…”

“Ninakupatsani makiyi a fuliji, kapena a mwamuna wanga?”

Ba Hatibu anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mtedza. Ba Petronella anatenganso kathumba kaja.

“Mwezi ukatha nifuna chipinda changa.”

Analowa m'nyumba, anang'amba tsamba la kalendala, analemba notisi kumbuyo kwake, n'kuimata pachitseko cha shopu ndi phala. Masiku naini.

M'mawa mwake magazi anga anali akuwira. Ndinawalondola ba Petronella mpaka kumsika, ndinaima pakati pa milu ya salaula, n'kutsegula pakamwa ngati masiku a minibasi.

“Ba mayo, mwachita voipa! Munthu akukonzelani ulele, imwe mumupitikisa? Uja olankhula mu sipika si ba Abraham! Ni wailesi! Munthu uja ali moyo, dzina lake ni Eugene, ali na chimimba so, amagula chaja pali ine!”

Msika wonse unatembenuka. Ba Petronella anapitiriza kupinda buluku mpaka anamaliza.

“Iwe Chola, tsitsa mawu, uthawitsa makasitomala. Uganiza ndine wofuntha? Abraham ninamuika nekha, dothi ninaponya na dzanja ili. Nidziwa kuti ni wailesi. Koma zaka sate-wanu munthu anali kudandaula pakona paja nikafika. Nikaphika, adandaula. Nikasesa, adandaula. Ninali kumuyankha chabe ati ‘ehe, ehe,’ uku nichita vanga. Manje dzulo nafika, nayatsa, namva fuliji. Nakhala pansi, namva fuliji. Nyumba ija ni ikulu, Chola. Sininali kudziwa kuti ni ikulu so.”

Anthu inu, ine mawu sandithera. Tsiku limenelo anatha. Ndinangogula buluku lomwe ankapindalo. Silindikwana mpaka lero.

Nditawafotokozera ba Hatibu, anakhala pansi chitini cha mphete chili pamiyendo. Atalankhula, chinatuluka Chichewa cha bambo awo.

“Zaka ziwiri ndakhala ndikumvetsera pakhoma ili. Ine wodziwa kumva. Osafunsa n'kamodzi komwe kuti mayi, kodi mukumvera chiyani.”

Madzulo anapita kukagogoda, chisoti chili chowongoka bwino. Ba Petronella anatsegula theka la chitseko.

“Bwezani vimene munachotsa,” anatero. “Akabwela, tizakamba. Akapanda kubwela, pa sate muchoke. Na makiyi simuzagwilanso.”

Ine ndinati ntchito yophweka, kungochotsa mphete. Ba Hatibu anachotsa zonse zitatu, anayatsa. Zii. Ntchito yawo inali yabwino mopitirira. Mawaya atsopano aja anali aafupi, olumikizidwa bwino, sankatola kanthu. Anatembenuka pang'onopang'ono.

“Chola. Waya uja unataya kuti?”

Ndinayang'ana kudenga.

Wa patebulo langa ndinamasula mosavuta, makava onse anagwera m'fumbi. Kwa amake Shawn ndinapeza waya uli wodzaza ndi zovala zonyowa. Ndinapempha bwinobwino kamodzi, iwo akuti sindinapemphe, koma ndinapempha. Nditayamba kuanula, anatuluka ndi chidebe.

“Iwe kabwalala, siya kabudula wa mwamuna wanga!”

“Sinifuna kabudula, ba mayo, nifuna waya!”

“Chopatsa sichibwelela! Unanipatsa pamaso pa anthu!”

“Ni wa malemu! Aufuna!”

Atamva zimenezo anasiya chidebe, anaanula okha msangamsanga, n'kundiponyera waya kuchokera patali.

Ba Edmond anali ndi zidutswa ziwiri zokha. Chachitatu chinamangira geti lomwe linapita kumayadi, ndipo sankakumbuka nyumba yake. Waya unaperewera mapazi khumi. Ba Hatibu anapita okha kwa ogula zitsulo zakale, munthu amene moyo wake wonse wakhala akusankha zabwino pamulu wa zoipa, n'kupempha waya woipitsitsa umene analinawo. Mwini malo anawafunsa ngati akudwala.

Koma chowawa chinali kulumikiza. Anati akawotcherera ndi mtovu monga achitira nthawi zonse, sufanana ndi wa malemu. Anayenera kupota ndi dzanja, n'kumanga ndi mapulasitiki a buledi. Asanayambe anandiitana.

“Imilila apo, Chola, anthu asanione.”

Ndinaima pakhomo la shopu nditatambasula manja, n'kumakuwira aliyense wodutsa kuti, “Pitilila! Osayang'ana kuno! Kulibe chochitika!” Mphindi khumi zisanathe panali gulu la anthu oposa makumi awiri, ena atakwera pamiyala kuti aone bwino. Ba Hatibu sanandilankhule mpaka mawa lake.

Kuyesa kunali kovuta, chifukwa pankafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi: magetsi, ndi ba Petronella ali panyumba ndi makiyi awo. Masiku atatu zinasemphana. Tsiku lachinayi tinayala waya pamalata mpaka kumango, tinayatsa, m'masipika munangomveka mashini a ba Edmond akukazinga chimanga. Tsiku lina tinangopeza di-di-dit ya foni yanga. Ba Riziki anayamba kubwera ndi makatoni kuchokera ku Mtendere, n'kumalongedza mawailesi a anthu mwakachetechete.

Pa twente-naini ba Petronella anakhala pakampando pabwalo, manja atapinda, kutiyang'ana tikukwera ndi kutsika. Anapirira ola lathunthu. Kenako anaphulika.

“Nanga pa chimbudzi? Simunapitise pa chimbudzi!”

Tinaima.

“Waya unali utali maningi, Abraham anakana kudula. Ati waya sadula, uzafunika mawa. Anapitisa pamwamba pa chimbudzi, anazungulusa kawili pa paipi ya nsimbi ija, ndiye unapita ku mango. Anthu a masiku ano, kugwila nchito monga alibe maso. Kweza apo, iwe! Osati so! Vinthu vonse mu dziko muno vakhota, ngalande vakhota, manje na waya…”

Anadzimva okha, n'kutseka pakamwa. Anali akung'ung'udza ndendende ngati malemu. Palibe anaseka, ngakhale ine ndinaluma lilime mpaka magazi. Tinamaliza kuyala monga ananenera, koma magetsi anali atapita kale.

Pa sate, tsiku lomaliza, ba Petronella sanapite kumsika. Makatoni a ba Hatibu anali atasanjidwa pakhomo la shopu. Magetsi anabwera masana. Tinalowa pabalaza atatu, ba Hatibu anati bisimila chapansipansi, n'kuyatsa.

Mawu anabwera. Otsika, osamveka bwino, koma mawu a munthu. Ine ndinalumpha. Kenako tinamvetsera bwino. Anali mawu a mkazi, wansangala, akusekaseka.

Ba Petronella anaimirira pang'onopang'ono.

“Ameneyo ni ndani?”

“Amake Tionge, ni…”

“Nakuuzani mubweze mwamuna wanga, imwe mwanibweletsela mkazi mu nyumba? Pakona pake penipeni?”

“Kapena anakwatila kwamene kuja,” ndinatero ine, chifukwa pakamwa panga sipadikira mutu. Patapata inandipeza pakhutu.

“Ni pulogalamu ya azimayi,” anatero ba Hatibu thukuta likutsika. “Imwe mumayatsa faifi. Tiyembekeze faifi.”

Maola asanu amenewo sindidzawaiwala. Babu likaphethira, mitima yathu inkaima. Komanso mashini owotcherera anali akuthetheka m'masipika moti mawu otsika ngati aja akanamira. Apa ndiye ndinaona ntchito yoyenera ine. Itatsala kota kuti ikwane faifi ndinatuluka, n'kuyenda msewu wonse, shedi ndi shedi.

“Zimyani mashini! Aliyense! Kota imodzi chabe!”

“Chifukwa chani?” anafunsa ba Edmond, magalasi akuda ali pamphumi. “Malaiti abwela kamodzi, iwe ufuna tizimye?”

“Ba Abraham abwela faifi!”

“Ba Abraham ati? Amene tinanyamula?”

“Amene anakukhomelani benchi yamene mukhalapo iyo! Zimyani, kapena nizaima pano kuuza makasitomala anu vamene mumapaka penti pa dzimbili!”

Anazimitsa. Enanso anazimitsa. Anabwera onse kudzaima kumpanda wa ba Petronella, ndodo zowotcherera zili m'manja. Chibadwire sindinamvepo Kalingalinga ali chete magetsi alipo. Nkhuku zinadabwa.

Faifi inakwana. M'masipika munamveka kanyimbo patalipatali, kenako mawu a mwamuna, olemera, otopa ndi dziko. Ng'u-ng'u-ng'u, ng'u-ng'u. Liwu limodzi lokha ndi lomwe linatuluka lomveka: “…ngalande…”

Ba Petronella anakhala pansi pafupi ndi mpando wapakona. Anamvetsera nthawi yaitali, dzanja lili patsaya.

“Ehe,” anatero. “Ehe. Ni yemweyo. Sanasinthe.”

Ine ndinati zatha, tiyeni tituluke mwaulemu. Koma ba Hatibu anali akupotokola chinthu m'thumba la mkanjo. Ndinawakodola ndi maso kuti mudala, musayerekeze. Anatulutsa kamphete kaja kotseguka ngati khoko la mtedza.

“Amake Tionge, nipemphako. Nifunsa chabe, sinichita.”

“Mufuna kumuphanso?”

“Awe. Koma mukaika kwaya, amalankhula pakati pa nyimbo. Si zoona?”

“Anali kuchita so akali moyo.”

“Kuseli kwa ampu nasiya waya wopinda katatu. Mukafuna kwaya yoyela, mutsekela aka pamenepo. Mukafuna ba Abraham, mutsegula. Ine sinizagwila. Dzanja ni lanu.”

Anaika kamphete patebulo, n'kubwerera mpaka pakhomo, manja kumbuyo. Ba Petronella anakayang'ana ngati kachinkhanira. Munthu wa m'sipika anali atalowa nkhani ina, mwina ya mpira. Ba Petronella anakatola, anawerama kuseri kwa ampu.

Kapa!

Zii.

Anatsegula. Ng'u-ng'u-ng'u. Anadikira mpaka munthu uja atafika pakati pa mfundo, mawu akukwera.

Kapa!

Anayang'ana kamphete, anayang'ana mpando wapakona. Mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, ndipo misozi inalipodi, koma chinali chiseko, chiseko chomwe chinamveka mpaka kwa owotcherera kumpanda.

“Abraham, khala chete, nifuna kumvela kwaya!” Kapa! “Nakulola, kamba.” Ng'u-ng'u. “Yakwana!” Kapa! Anapukuta m'maso ndi chitenje. “Zaka sate-wanu! Ba Hatibu, munali kuti na aka akali moyo?”

Anatuluka panja, gulu linapatuka. Anamatula notisi pachitseko cha shopu, n'kuipinda bwinobwino, kuiika m'chitenje, kuti mwina idzafunika tsiku lina. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kathumba ka mtedza kaja, katatsala theka.

“Masulani makatoni. Aka kakasweka nizapita kwa ndani?” Kenako anandiyang'ana ine, kuyambira pachibwano mpaka pamapewa. “Ba Hatibu, ilipo ya saizi ya khosi ya Chola?”

“Ya uyo akalibe kupanga,” anayankha, ndipo owotcherera onse anaomba m'manja, anthu osayamika amene ndimawagulitsa machaja abwino.

Ba Hatibu akadali pakhomo lomwelo. Waya wa malemu ukadali pamalata, kudutsa pachimbudzi, kuzungulira paipi kawiri, ndipo mvula ikawononga mapulasitiki a buledi amakwera okha kukasintha, nkhope itayang'ana kumbali. Masiku ambiri ikamayandikira faifi amatseka shopu n'kuyamba ulendo wa ku Mtendere, chifukwa nyenje imawapwetekabe. Masiku ena amatsala. Amamva kung'ung'udza pakhoma, amamva “ehe, ehe,” kenako kapa! n'kutuluka kwaya yoyera ngati madzi a pampopi m'mawa.

Sabata yatha ndinawaperekeza kokameta, kwa wometa watsopano pafupi ndi msika. Sipika yake inali ikulira ngati muli mavu. Ndinaona dzanja lawo likulowa m'thumba. Anakhala chomwecho mpaka mutu wonse unatha, mphete ili m'nkhonya, thukuta likuyenderera m'khosi. Wometa atawachotsa nsalu, anaimirira, anakonza chisoti, n'kuloza sipika mwaulemu.

“Pepani, baba. Nyenje iyi, kodi ili na mwini wake?”